Kawotchi ka Azakhali a Lenia

Mvula inayamba Loweruka, ndipo pofika Lachiwiri m'mawa inali isanapumeko ngakhale ola limodzi. Belita Mukhuna, namwino wa pakachipatala kena m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe, anafika pantchito atanyowa mpaka m'chiuno. Magetsi anali atazima kuyambira Lamlungu. Odwala kunalibe. Pabenchi pamene amayi amakhala tsiku la sikelo panali nkhuku ziwiri zitadzikundikira. Belita anafinya chitenje chake, n'kuyatsa tabuleti kuti aone mmene anthu ake a timawotchi adzukira.

Timawotchi timeneti tinabwera chaka chapitacho ndi bungwe lina. Sitinkaonetsa nthawi, koma popeza tinkavalidwa pamkono dzina linakhala lomwelo. Ankavala ndi amayi oyembekezera amene bipi yawo inali yokwera, komanso okalamba odwala mtima, anthu makumi awiri onse pamodzi. Kawotchi kankafinya mkono, kuyeza bipi ndi kugunda kwa mtima, kenako n'kutumiza manambala. Kuti batire likhalitse, kankagona nthawi yambiri, n'kumadzuka kamodzi pa theka la ola. Sikankatumizanso patali. Kankangopatsira kanzake kapafupi, kanzakeko n'kupatsira kena, kutsika phiri nyumba ndi nyumba, mpaka uthenga ufike pabokosi la sola limene linamangiriridwa padenga la tchalitchi cha kwa Nampinga. Bokosilo ndi limene linkatumiza zonse ku tabuleti ya Belita.

M'mawa umenewo mayina onse anali obiriwira kupatula limodzi. Dzina la Aliness linali lofiira. Aliness anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pathupi poyamba, ndipo nyumba yake inali yomalizira kumtunda, kumene minda imathera n'kuyamba miyala. Bipi yake inali 168 pa 112. Chimene chinamuvuta Belita kwambiri chinali chakuti manambalawo anali a sikisi koloko, pamene nthawi inali itakwana hafu seveni.

Anaimbira mwamuna wa Aliness, Elton. Foni inali yozima. Anaimbira Nasiru, wokonza mafoni pa Migowi, amene bungwe lija linamuphunzitsa kusamalira timawotchi.

"Nasiru, manambala a kumtunda aima bwanji? Ndili ndi mayi pano bipi yake yakwera kwambiri, koma sindikudziwa kuti panopa ali bwanji."

"Ndikuziona pano, asisitala," anatero Nasiru. Mawu ake ankaduka-duka. "Dzuwa silinawale masiku anayi. Bokosi la patchalitchi latsala ndi moto wochepa, ndiye layamba kudzisunga lokha. Likumvetsera kamodzi pa maola awiri."

"Maola awiri mayi ameneyu akhoza kukomoka n'kutisiya. Palibe chimene ungachite?"

Pafoni Belita ankamva mvula ikumenya malata a shopu ya Nasiru.

"Njira ilipo, koma simuikonda. Ndikhoza kugoneka timawotchi tonse, kusiya njira ya Aliness yokha. Pamenepo manambala ake azibwera mphindi khumi zilizonse mpaka madzulo. Koma uthenga wake umadzera m'timawotchi titatu, ndipo kapakati ndi ka azakhali anu."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Batire lawo ndinayenera kukasintha Loweruka, mvula n'kundiletsa. Latsala pang'ono. Kakamayeza iwowo kwinaku kakunyamula za Aliness, kafa isanakwane thwelofu. Chimene chimadya moto kwambiri n'kufinya mkono kuja. Ndiyenera kukaletsa kuyeza, kazingonyamula basi."

Azakhali a Lenia ndi amene analera Belita bambo ake atamwalira. Anamuphunzitsa sukulu ndi nkhuni za m'phiri ndi kalongonda wogulitsa pamsika. Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, mtima wotupa, ndipo mwezi wathawo anagwa m'munda wa nandolo. Chimene chinawapulumutsa tsiku limenelo ndi kawotchi komweko. Belita anayang'ana dzina lawo pa tabuleti. Linali lobiriwira. Mtima ukugunda 88.

"Asisitala, mulipo?"

"Letsa," anatero Belita. "Uziuzanso adokotala a kuboma manambala a Aliness akamabwera, kuti ambulansi ikhale yokonzeka. Ine ndikupita komweko."

Patapita mphindi zingapo mayina anayamba kuzima limodzi-limodzi, kusanduka otuwa. La azakhali linazima lachisanu ndi chimodzi. Belita analongedza majakisoni, mapiritsi otsitsa bipi ndi magolovesi, n'kukulunga tabuleti m'majumbo awiri.

Dyson wa kabaza, bambo wa ana anayi amene ankanyamula Belita maulendo onse a kumudzi, anayamba wakana. Belita anamupeza ataima pakhonde la golosale, akuyang'ana kuphiri. Phiri silinkaoneka. Panali mtambo wakuda umene unatsika mpaka m'minda.

"Ine kumeneko ayi, asisitala. Mukumva?"

Belita anatchera khutu. Pansi pa phokoso la mvula panali phokoso lina, lotsika, ngati malole akutsitsa miyala kutali.

"Ndi mitsinje imeneyo," anatero.

"Mitsinje ndimaidziwa ine. Napolo uja anasesa Phalombe inu muli wakhanda, ine ndinali ndi zaka khumi. Zinayamba chonchi."

"Wodwalayo ndi mkazi wa Elton, a Dyson. Tikachedwa timutaya, ndi mwana yemwe."

Dyson analavula malovu pansi, n'kupita kukaliza njinga yake.

Njinga inawafikitsa patchalitchi cha kwa Nampinga basi. Kuchokera apo msewu unali utasanduka ngalande. M'tchalitchi munali mabanja angapo amene nyumba zawo zinagwa, atayala mphasa pakati pa mabenchi. Belita anayang'ana padenga n'kuona kanyali ka bokosi kakuphethira mofooka. Anasiya njinga pamenepo n'kuyamba kukwera wapansi, Dyson atasenza chikwama cha mankhwala.

Zimene anaona m'njira sizinamusangalatse. Madzi ankatumphuka pansi pamalo pamene panalibe kasupe, pakati pa njira, m'mizere ya chimanga, ngakhale pansi pa khoma la nyumba ina. Anali ofiira ndi okandapala ngati phala. Mphepo inkanunkha dothi lokumbidwa kumene, chonsecho palibe amene ankalima. Pamunda wina mitengo ya bulugamu inali itapendekera kumunsi yonse pamodzi. Mbuzi zinkalira m'makola osaleka. Dyson ankangocheuka kumtunda.

Tabuleti inalira m'jumbo. 172 pa 115.

Azakhali a Lenia anawapeza atakhala pakhonde, atafunda bulangete, akusenda kalongonda wowiritsa. Nyumba yawo inali pafupi ndi kamtsinje kamene masiku onse mwana amatha kukadumpha. Tsikuli kanali katadzaza, kakukokolola nthochi ndi mizu yomwe.

"Beli, mvula yonseyi ukufuna chiyani kuno? Kapena wamva kuti ndafa?" anatero akuseka. Anakweza mkono. "Kawotchi kako lero kachita ulesi. Sikakundifinya."

Belita anagwada pambali pawo, n'kuwagwira pamkono kuti amve mtima ndi zala zake. Unali kugunda mofulumira pang'ono. Anawafotokozera zonse mwachidule: za Aliness, za bokosi, za zimene Nasiru anachita.

"Ndiye kuti uthenga wa mtsikana uja ukudzera pamkono panga pano?"

"Eya, azakhali."

"Ndinawauza ine anthu kuno kuti ndine positi ofesi, iwo n'kumaseka."

"Amayi, tsikani mupite kutchalitchi," anatero Dyson. "Kuno sikuli bwino. Madzi akutuluka pansi."

Azakhali anayang'ana Belita. Kuseka kunali kutatha.

"Ndikatsika, za mtsikanayo zifika?"

Belita ankadziwa yankho. Pakati pa nyumba ya azakhali ndi nyumba za kumtunda panalibe kawotchi kena. Akanatsika, njira ikanaduka, adokotala sakanaonanso kanthu, ndipo ambulansi, imene inali imodzi yokha tsiku limenelo, ikanatha kutumizidwa kwina. Anaganizanso za njira yoterera ija, ndi mtima wa azakhali, kuti sangatsike okha popanda wowagwira. Sanaganize zongowavula kawotchiko n'kukasiya pakhonde. Pambuyo pake anadzifunsa kambirimbiri chifukwa chake, koma pa nthawiyo maganizo amenewo sanamubwerere.

"Dikirani pang'ono, azakhali," anatero. "Tikumutenga Aliness, pobwerera tikutengani, titsikire limodzi. Ola limodzi basi. Valiranitu nsapato."

"Pitani. Ine ndili pompano."

Anawoloka kamtsinje pamtengo umene unagonekedwa ngati mlatho, madzi akuwamenya m'mapazi.

Aliness anamupeza atagona pamphasa, nkhope itatupa, maso akulephera kutseguka bwino. Ankati mutu ukung'ambika ndipo akuona timoto tikuuluka. Elton anali atangoima pakhomo, manja ali m'khosi. Anati anafuna kumutsitsa dzulo koma anaopa mitsinje, ndipo foni yake inatha moto Lamlungu. Belita asanamalize n'kutsegula chikwama komwe, thupi la Aliness linauma, kenako linayamba kugwedezeka, mano atalumana.

"Mugwireni mutu, mumugoneke cham'mbali! A Dyson, gwirani miyendo!"

Kugwedezekako kutaleka Belita anamubaya jakisoni woletsa kukomoka m'matako onse awiri, n'kudikira. Aliness atatsitsimuka anamumwetsa piritsi. Foni inalira. Anali Nasiru.

"Adokotala aona manambala. Akuti ambulansi inyamuka, koma mlatho wa kumunsi kwa Nampinga wapita. Akuti mutulukire ku msewu wa Fort Lister, akakupezani kumeneko."

"Ife titsikira kwa azakhali kaye."

"Asisitala, bokosi latsala pang'ono kuzima. Chitani changu."

Elton ndi Dyson anamanga machila ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete. Anansi awiri anabwera kudzathandiza. Atafika pakamtsinje kaja anapeza mtengo wowolokera kulibe. Madzi anali atakula kuwirikiza katatu, ndipo mkati mwake miyala inkagundana mpaka nthaka kunjenjemera pansi pa mapazi. Kutsidya, kupyola mitengo ya nthochi, denga la azakhali linkaoneka pang'ono.

Belita anakuwa. "Azakhali! Azakhali, tsikani! Musatidikire!"

Dyson anakuwa naye, Elton anaimba likhweru. Mawu awo sankamveka ngakhale kwa iwo eni. Pakhonde sipankaoneka chifukwa cha nthochi. Belita anayamba kutsika m'mbali mwa madzi kufuna powolokera, koma Dyson anamugwira mkono mwamphamvu.

"Mukalowa umu tinyamula anthu awiri. Tiyeni. Amayi aja ndi anzeru, aona madziwa atsika okha."

Pamachila Aliness anabuula. Belita anayang'ana denga lija kanthawi, kenako anatembenuka.

Anayenda chopingasa phiri kulowera ku Fort Lister, m'minda ya eni, akuterereka, akusinthana machila. Atayenda pafupifupi mphindi makumi anayi, ali pakamtunda kena, mvula inachepa mwadzidzidzi. Kamtsinje kena kamene anali atangowoloka kanaphwa madzi iwo akuona, kutsala matope okha. Dyson anaima.

"Madzi apita kuti?" anafunsa Elton.

Kenako kumbuyo kwawo, m'mwamba mu mtambo, kunamveka kuphulika. Phokosolo silinathe ngati bingu. Linapitirira, likukula, mpaka Belita analimva m'mano. Anaona mbali ya phiri ikutsika, mitengo ili chiimire pamwamba pake, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduka patsogolo. Zonsezo zinatsata kamtsinje ka kwa azakhali. Sizinatenge mphindi zitatu. Zitadutsa panatsala chilonda chofiira kuchokera mumtambo mpaka kumunsi, ndi fungo la dothi ndi miyala yopsa.

Belita anatulutsa tabuleti. Mayina onse anali otuwa, la Aliness lomwe. Bokosi linali litazima.

"Tiyeni," anatero. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina. "Nyamulani."

Ambulansi anaipeza pamsewu cha m'ma thuu koloko. Madzulo omwewo Aliness anamuchita opaleshoni, n'kubadwa mwana wamkazi, wamng'ono koma wolira. Onse awiri anapulumuka.

Lachitatu palibe amene anatha kufika kwa Nampinga. Belita anayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi mmene anthu anathawira, akuthandiza ovulala kwinaku akuyang'ana nkhope iliyonse. Anafunsa aliyense wochokera kumtunda. Mayi wina anati anaona a Lenia ataima panja pa nyumba yawo cha m'ma leveni. Bambo wina anati ayi, chitseko chinali chotseka. Ena ankangopukusa mutu, aliyense ali ndi ake amene ankafunafuna.

Lachinayi dzuwa linatuluka. Cha m'ma teni Nasiru anafika pasukulu pamene Belita ankatsuka mabala, ali wefuwefu, laputopu ili m'manja.

"Tchalitchi chilipo, napolo anadutsa pambali. Bokosi lalandira dzuwa, ladzuka." Anatsegula laputopuyo. "Timawotchi khumi ndi tinayi tayankha. Ka azakhali anu kali m'gulu lomwelo."

Belita anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

"Ali moyo?"

"Sindikudziwa. Paja tinakaletsa kuyeza. Kakungonena kuti kalipo. Ndikhoza kukauza kuti kayeze, koma moto umene katsala nawo ndi wa ulendo umodzi kapena iwiri. Kakatha, sitidzathanso kukalondola kumene kali."

"Kamodzi kokha. Kauze."

Anadikira kuti kawotchi kadzuke kalandire lamulo. Zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Belita anakhala akuyang'ana galasi la laputopu, thonje lamagazi likadali m'manja. Yankho litabwera, Nasiru analiwerenga kawiri asanalankhule.

"Kakuti palibe mkono."

"Kutanthauza chiyani?"

"Sikakukhudza khungu. Mwina anakavula. Mwina kanavuka."

Anakwera masana omwewo, Belita, Nasiru, Dyson ndi amuna anayi a makasu. Nasiru ananyamula kachipangizo kokhala ndi mlongoti waufupi, kamene kamaonetsa ngati kawotchi kali pafupi kapena patali. Popeza kawotchi kankadzuka mphindi khumi zilizonse, ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kudikira. Kupyola tchalitchi Belita sanazindikirenso malo. Kumene kunali njira, minda ndi nyumba zisanu ndi imodzi kunali chigwa cha miyala ndi matope, chotakata ngati mabwalo awiri a mpira. Ntchentche zinali zambiri. Amuna aja anamanga mipango kumphuno.

"Kumanzere," anatero Nasiru. Anadikiranso. "Kumtunda pang'ono."

Pamene panali nyumba ya azakhali panali mwala umodzi waukulu. Amuna aja anayamba kutsitsa makasu paphewa, koma Nasiru anawaletsa. Chizindikiro chinali champhamvu kwambiri, anatero, chinthu chokwiririka m'matope sichingamveke chonchi. Anapitirira kunja kwa chigwacho, pakachulu pamene panali mtengo wa mango umene napolo anauphonya ndi mapazi ochepa. Dyson ndi amene anakaona.

Kawotchi kanali katamangiriridwa panthambi, pamwamba pamene munthu wamfupi angafike atanyanyamphira. Anakamanga ndi kansalu kong'amba kuchitenje, mfundo zitatu, atakaveka kajumbo ka shuga kuti kasanyowe. Belita anaidziwa nsaluyo. Anawagulira azakhali yekha pa Migowi nthawi ya Khrisimasi.

"Ndiye kuti anachoka," anatero Dyson. "Anaona kuti zaipa, anakasiya apa kuti kazigwirabe ntchito, iwo n'kutsika."

Onse anatembenuka kuyang'ana kumene njira yotsikira kutchalitchi inkadzera. Inkatsata m'mphepete mwa kamtsinje. Yonse inali pansi pa miyala.

Belita anayesa kumasula mfundozo koma zinali zolimba. Dyson anadula nthambiyo ndi chikwanje n'kumupatsa yonse.

Anafunafuna milungu itatu. Anakumba m'mbali mwa njira ija, anapita m'misasa yonse mpaka ku Migowi ndi kupitirira, anayang'ana matupi amene ankapezeka kumunsi m'madambo. Belita anasiya nambala yake kulikonse, ndipo foni ikalira ndi nambala yachilendo ankathamangira panja kukayankha. Azakhali a Lenia sanapezeke. Kumapeto kwa mwezi abale anagwirizana zochita mwambo wa maliro patchalitchi cha kwa Nampinga, pamodzi ndi mabanja ena asanu ndi anayi amene analibe thupi loika m'manda.

Elton anabwera kumwamboko. Utatha anafika pamene Belita anakhala, n'kugwada, chipewa chili m'manja. Anayamba kulankhula za mkazi wake ndi mwana, kuti atuluka m'chipatala, kuti sakudziwa anene chiyani. Belita anamufunsa ngati Aliness akumwa mapiritsi ake m'mawa uliwonse. Elton anati eya. Anamufunsa kumene akugona tsopano, iye anati kumsasa wa pasukulu, m'kalasi imodzi mabanja asanu ndi awiri.

"Mwanayo ndi wosakwana masiku, musamusiye pamphepo," anatero Belita. "Mubwere naye Lachisanu kusikelo. Musadzachedwe ayi, ndimayamba eyiti koloko."